Dzina Losiyidwa pa Fomu

Lamulungu lachiwiri la Lenti m'chaka A timamva Mulungu akuitana Abramu kuti achoke kwawo. Mawerenga a Genesis 12 amalekezera pa ndime 4, koma inu pitirirani. Njala itamuthamangitsira ku Ejipito, Abramu adachita mantha, nanena kuti Sarai, mkazi wake, ndi mlongo wake. Adamudzudzula ndi Farao, munthu wakunja.

Yesero lomweli latipeza kuno ku Jumeirah Village Circle. Polemba fomu ya lotale ya viza ya ku America, ena amachonga kuti sali pabanja, ati wotsala ku Zomba adzamuitana pambuyo. Lamulo lake n'lachimvekere: mwamuna kapena mkazi wanu alembedwe, ngakhale sakupita nawo. Mukamusiya, pa intavyu adzakumanani viza, ngakhale mwayi utakugwerani.

Komatu chondiwawa ine si vizayo. Dzanja lochongalo lavala mphete yodalitsidwa pa guwa. Amene mudatero, kalapeni ku tchalitchi cha St. Francis ku Jebel Ali, koma musanapite muimbireni foni mnzanuyo, amve kwa inu eni.