Galimoto Imene Inkakana Pakhomo pa Azakhali

Padangotero, m'mudzi wina kuseri kwa phiri la Ntchisi, cha kwa Nthondo, mudali bambo wina dzina lawo a Gamaliyele. Chaka china fodya wawo adayenda bwino ku okushoni ku Kanengo, soya nayenso adabereka, ndiye adaphatikiza ndalamazo n'kugula Toyota Hilux ya dizilo, yakalekale koma yolimba. Inkanyamula matumba a soya ndi mtedza kupita ku Mponela, pobwerera n'kutenga feteleza, malata ndi anthu a matola. Kumbuyo kunkakwera mwana wa mlongo wawo, Yobe, mnyamata wa zaka 14. Ntchito yake idali kumanga katundu, kutolera ndalama ndi kuika mwala patayala galimoto ikaima pamtunda, poti handibuleki idafa kalekale.

Mvula yoyamba itangogwa, galimoto ija idayamba khalidwe lachilendo. Masiku ena ukangopotokola kiyi inkalira nthawi yomweyo. Masiku ena inkangoti "tche!" kamodzi, kenaka zii. Ukabwerezanso, "tche!" basi. Anthu akaikankha inkadzuka bwinobwino n'kuyenda tsiku lonse ngati palibe chachitika.

A Gamaliyele adapita nayo ku Mponela. Amakaniko adapotokola kiyi, galimoto n'kulira. Adazimitsa, kulizanso, n'kumalirabe mpaka kakhumi. "Mwina ndi batire yatopa," adatero. Adagula batire yatsopano. Patadutsa sabata ziwiri, "tche!" Adabwereranso, ndipo ulendo uno adawauza kuti ndi sitata. Adagulitsa mbuzi ziwiri, sitata n'kusintha. Sipadathe mwezi, "tche!"

Tsono azakhali awo, a Nabanda, gogo wamasiye amene adawalera mayi awo atamwalira, ankakhala pamwamba pa kachitunda, ndipo kanjira kopita kwawo kankathera pakhomo penipeni. A Gamaliyele ankakonda kudzera kumeneko kukasiya mchere, sopo ndi shuga. Katatu konse galimoto idakanira pakhomo pomwepo. Kachitatuko mkulu wina amene adakwera nawo adanong'ona kuti, "Achimwene, kodi inu simukuona? Ku Mponela imalira, kwanu imalira. Bwanji pano pokha?"

Mawu amenewa adalowa ngati munga. Adaiwala kuti idakananso kutchalitchi tsiku la ukwati, adaiwala kuti idakananso pa chigayo. Chimene ankakumbukira ndi khomo la azakhali basi. Adapita kwa sing'anga wina kutsidya, amene atalandira nkhuku ndi ndalama adati, "Pali wachibale wamkazi, wachikulire, amene mtima wake sudakondwe ndi chuma chanu." Kodi ndi banja liti limene lilibe gogo wamkazi?

Madzulo ake Yobe adayesa kuyankhula. "Atsibweni, ine ndaona kanthu pa galimotoyi."

"Khala chete iwe! Za galimoto ungazidziwe ndiwe? Ntchito yako ndi mwala."

Nkhani idawanda m'mudzi ngati moto wa m'chilimwe. A nyakwawa adawaitana a Gamaliyele n'kuwachenjeza kuti lamulo la dziko lino, la chaka cha 1911, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo wotero akhoza kumangidwa. Iwo adayankha kuti sadatchule munthu. Zoonadi pakamwa sadatchule, koma adaleka kupita kuchitunda kuja, ndipo mudzi wonse udamva tanthauzo lake. Atsikana amene ankatungira madzi a Nabanda adaleka. Kumaliro amayi ankasuntha mphasa gogoyo akakhala pansi. Usiku wina ana adagenda denga lawo. M'mawa mwake a Nabanda adamanga kamtolo ka zovala, kutseka chitseko ndi waya, n'kupita kwa mwana wawo wamkazi ku Malomo, osatsanzika munthu.

Iwo atachoka, a Gamaliyele adati tsopano zatha. Koma Lachisanu lina adanyamula matumba a chimanga kupita ku Dowa boma, n'kuima pa chikweza china pafupi ndi msika. Atatsitsa katundu adapotokola kiyi. "Tche!" A Nabanda adali kutali, ku Malomo. Thukuta lidawatuluka ngakhale kunkazizira.

Pansi pa mtengo chapafupi padali mkulu wina waimvi, a Chisale, amene adagwira ntchito ya umakaniko zaka zambiri ku Lilongwe asanabwerere kwawo. Anyamata atathamangira kuti akankhe, mkuluyo adakweza dzanja. "Musaikhudze! Wodwala akamapita kuchipatala atachira, dokotala aona chiyani? Lero matenda tawapeza ali m'thupi. Isiyeni pomwepo."

Sadatsegule boneti msanga. Adayamba ndi mafunso. Imakana m'mawa kapena masana? Injini ikatentha kapena ikazizira? Mvula ikagwa kapena kukauma? Mukapotokola kiyi imazungulira mofooka, kapena imangogogoda kamodzi? A Gamaliyele ankangoti, "Nthawi ina iliyonse, bambo. Ilibe tsiku."

"Palibe chimene chilibe tsiku lake," adatero a Chisale. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene amayenda nayo tsiku ndi tsiku ndani?" Adatembenukira kwa mnyamata uja. "Iwe mwana wanga, waonapo chiyani?"

Yobe adayang'ana atsibweni ake, kenaka pansi. "Agogo, ine ndimaika mwala. Ndikauika kutsogolo kwa tayala, galimoto imalira. Ikaima pamalo osalala imaliranso. Koma masiku onse amene yakana, mwala ndimakhala nditauika kumbuyo. Kutchalitchi udali kumbuyo. Kuchigayo udali kumbuyo. Kwa agogo a Nabanda umakhala kumbuyo nthawi zonse, chifukwa kumeneko galimoto imaima mphuno ili m'mwamba."

Onse adayang'ana tayala. Mwala udali kumbuyo.

A Chisale adauza a Gamaliyele kuti ayatse nyali zakutsogolo n'kupotokola kiyi. "Tche!" koma nyali zidawalabe mwamphamvu, osaphethira n'komwe. "Batire ilibe mlandu," adatero. "Ikadakhala yofooka, nyalizi zikadazilala." Kenaka adatenga waya wa jampa, mbali ina n'kupana pa mutu wa negetivi wa batire, mbali inayo pa chitsulo cha injini. "Lizani." Galimoto idalira kamodzi n'kamodzi, utsi kuti tolo! Adazimitsa, kuchotsa waya uja. "Lizaninso." "Tche!"

Apo mkuluyo adayala thumba pansi n'kulowa kunsi kwa galimoto, Yobe akuwaunikira ndi tochi ya foni. Adatuluka atagwira kachingwe koluka ka mkuwa, kotalika ngati chipande, kobiriwira ndi dzimbiri, kodzaza matope ofiira. Tinsinga take tambiri tidali titaduka, totsalato tongolendewera pa bawuti yosamanga.

"Uyu ndi waya wa ethi," adafotokoza. "Magetsi ali ngati munthu wopita kumunda, ayenera kukhala ndi njira yobwererera kunyumba. Amachoka mu batire kupita ku sitata, ndipo pobwerera amadzera mu injini, n'kuwoloka pa waya ameneyu kupita ku chesisi mpaka kukafikanso mu batire. Nyali zimadya pang'ono ndipo zili ndi njira yawo. Koma sitata ya dizilo imafuna magetsi ochuluka zedi nthawi imodzi, sangadutse pa tinsinga titatu. Tsono onani apa." Adawalozera mphira imene injini imakhalapo, yong'ambika pakati chifukwa cha mabampu a misewu ya kumapiri. "Galimoto ikaima mphuno m'mwamba, injini imatsamira m'mbuyo pang'ono, n'kukoka wayayu, ndiye sagundanso bwino. Ikaima posalala, amagundana. Ku galaja ku Mponela n'posalala, n'chifukwa chake kumeneko inkakhala yamoyo. Mukaikankha sitata siigwira ntchito, n'chifukwa chake inkadzuka."

Adapala malo a bawuti ndi sandipepa mpaka chitsulo kung'anima, adamanga waya wina, n'kuwauza kuti akasinthe mphira ija sabata isanathe. Mtengo wa wayayo sudafike ngakhale pa nkhuku imene idapita kwa sing'anga.

A Gamaliyele sadayankhule njira yonse. Atafika pa mphambano ya kwawo sadakhote, adalunjika ku Malomo. Adawapeza a Nabanda akusenda nyemba pakhonde. Adavula chipewa, n'kugwada pafumbi, anthu akuona.

"Azakhali, ndidakulakwirani. Udali waya. Mwana uyu ankafuna kundiuza, ine ndidamutseka pakamwa."

Gogoyo adapitiriza kusenda nyemba kwa kanthawi. Kenaka adati, "Gama, ndidakubereka kumsana uku mayi ako atatisiya. Ukadabwera kudzandifunsa, ndikadakuuza kuti za galimoto sindizidziwa. Waya mwasintha, ndamva. Nanga dzina langa mukalisinthira ku galaja iti?"

Lamulungu lotsatira a Gamaliyele adapempha a nyakwawa kuti asonkhanitse mudzi. Adaimika galimoto pakhomo pa azakhali, mphuno m'mwamba, mwala kumbuyo, n'kuiliza kasanu pamaso pa onse. Adakweza m'mwamba waya wodukayo, nanena ndi pakamwa pawo kuti a Nabanda alibe mlandu, wolakwa ndi iwowo. Adafoleranso denga limene ana adagenda, ndipo Yobe adamutumiza ku Dowa kukaphunzira ntchito kwa a Chisale masiku a tchuthi.

A Nabanda adabwerera kwawo anthu atakolola, koma m'galimotomo sadakweremonso mpaka tsiku la imfa yawo. Nthano yathera pamenepa.