Mutu Umodzi Susenza Denga, Nanga wa Madamu Ukusenzeranji?

Pamsonkhano wa makolo pasukulu ina ya pulayimale m'boma la Chongwe ku Zambia, wapampando wa komiti anaimirira kupempha thandizo la malata a kalasi imene mphepo inasasula. Sanachulutse gaga m'diwa. Anangoti, "Makolo anzanga, mutu umodzi susenza denga," anthu n'kuyamba kupisa m'matumba. Wina analonjeza misomali, wina ngolo yotutira mchenga. Msonkhano usanathe, ahedi anadziwitsa makolo kuti Madamu a giredi 5 anakomoka ali pabolodi ndipo akupuma kunyumba. Anthu anadandaula, kenako mayi wina anati, "Koma Madamu aja ndi achitsulo, Lolemba adzakhala atabwera." Onse anawomba m'manja, ndipo palibe anakumbukira mwambi umene unali utangotchulidwa.

Zimenezi n'zopweteka mtima. Denga la nkhokwe limamangidwira pansi, ndipo pokalikweza pamafunika mapewa ambiri. Ngakhale mwana amadziwa. Chimene chikuiwalika n'chakuti mwambiwu uli ndi mbali ziwiri. Mbali imodzi imapempha thandizo. Mbali inayo imanena poyera kuti mphamvu za munthu zili ndi polekezera, ndipo denga likamugwera wosenza yekha, mlandu ndi wa amene anaima chapatali n'kumamutama. Anthu akonda mbali yoyambayo pofuna malata ndi chopereka cha maliro. Yachiwiriyo aikwirira, chifukwa imawaloza chala.

Mu Januwale 2022 boma la Zambia linathetsa fizi m'masukulu ake kuyambira ku nazale mpaka giredi 12. Ana amene ankaweta mbuzi kapena kugulitsa makala m'mbali mwa msewu wa Great East anabwerera m'kalasi, ndipo chimenechi ndi chinthu chabwino chimene munthu wanzeru sangachinyoze. Chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi 30,496, ndipo thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndalama zimene zagula madesiki ndi kumanga makalasi m'malo ambiri. Koma ana amabwera m'mawa umodzi, pamene mphunzitsi amatenga zaka kuti aphunzitsidwe, ngakhale pa yunivesite ya Chalimbana imene ili m'boma la Chongwe momwemo. Pakati pa kubwera kwa ana ndi kukwanira kwa aphunzitsi patsala mpata waukulu. M'masukulu ambiri m'dzikomo kalasi imodzi yafika ana 80, kwina 100 ndi kupitirira, ndipo mpatawo watsekedwa ndi matupi a aphunzitsi amene analipo kale.

Masamu ake ndi osavuta. Kalasi ya ana 90 pa piriyodi ya mphindi 40, mwana aliyense sapeza ngakhale theka la mphindi. Kuchonga makope 90, mphindi ziwiri pa kope, ndi maola atatu athunthu pa phunziro limodzi lokha, chonsecho mphunzitsi wa giredi 5 amaphunzitsa maphunziro angapo pa tsiku.

Tsiku la Madamu oterewa limayamba kusanache. Miyezi ya chilimwe mtsinje wa Chongwe umaphwa, mipope ya m'tauni imatha kukhala masiku osatulutsa dontho, ndiye choyamba ndi kukaima pamzere wa zidebe kumjigo. Akabwera akoleza mbaula, aphikire ana awo phala, athamangire kusukulu. M'kalasi mulibe podutsa: ana anayi pa desiki ya awiri, ena pansi mpaka kukhudza bolodi. Kuti wakumbuyo amve, mawu ayenera kukwezedwa kuyambira belu loyamba, ndipo pofika masana kukhosi kumakhala kwauma ngati chikopa, choko chili mbuu m'manja ndi m'tsitsi. Madzulo makope aja amabwera kunyumba m'thumba la saka, n'kuchongedwa ndi tochi ya pafoni. Loweruka kuli maliro kapena chinkhoswe, Lamulungu kwaya ndi gulu la amayi. Mwezi ukatha, malipiro amafika atadulidwa kale ngongole, abale akumudzi akudikira nawonso.

Chaka cha 2024 chinawonjezera mtolo pamwamba pa mtolo. Chifukwa cha kolera, masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale anatsegulidwa pa 12 Febuluwale, ndipo silabasi inafunika kuthamangitsidwa. Pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi ngozi yogwera dziko lonse, chimanga chitapserera m'maboma 84 mwa maboma 116. Madzi atatsika ku damu la Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Mphunzitsi anayamba kuphunzitsa ana obwera ndi njala, iye mwini atagona mochedwa podikira magetsi kuti asite ndi kutchaja foni.

Kutopa kotere kuli ndi dzina. Mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linakulemba m'buku lake la ICD-11 pa dzina lakuti burnout. Silinakuwerenge ngati nthenda, koma ngati vuto lochokera ku kupanikizika kwa pantchito kumene kwakhala nthawi yaitali osakonzedwa. Zizindikiro zake ndi zitatu: kutheratu mphamvu, mtima kuchoka pantchito mpaka kuyamba kuida, ndi kulephera kugwira bwino zimene munthu ankazitha kale. Amene anatchukitsa dzinali, Herbert Freudenberger, analemba za vutoli mu 1974 ataona anthu odzipereka pa kachipatala kothandiza ovutika ku New York akufota mmodzimmodzi. Anaona kuti amene ankagwa msanga anali akhama kwambiri aja.

Ku Chongwe zimaoneka chimodzimodzi. Madamu amene ankadziwa mwana aliyense ndi dzina, ndi mudzi umene amachokera, amayamba kungoti "iwe wakumbuyo." Amakalipa pa kanthu kakang'ono. Amagona koma amadzuka ngati sanagone, ndipo Lamulungu madzulo mutu umayamba kuwawa poganiza za mawa. Anthu akaona zimenezi amati ayamba kunyada, ena amati ulesi, ena amafika ponena kuti pali amene wawachita chipongwe. Koma zoona zake n'zakuti khosi lapindika chifukwa cha katundu wa anthu asanu. Mawu akuti "achitsulo" amamveka okoma, komabe ntchito yake ndi yoipa: amamasula wonenayo ku udindo wothandiza, ndipo amamanga wotamidwayo kuti asayerekeze kunena kuti watopa.

Pali zoti munthu avomereze, ngakhale monyinyirika. Nthawi zina moyo umafunadi kuti munthu asenze zopitirira muyezo. Anamwino amene anagwira ntchito usiku ndi usana kolera itavuta, bwalo la zamasewera la National Heroes ku Lusaka litasanduka chipatala, sakanati adikire kuti anthu akwanire. Koma imeneyo inali nyengo, ndipo nyengo imatha. Chimene chikuchitika m'kalasi ya giredi 5 chalowa chaka ndi chaka mpaka anthu achizolowera.

N'zoonanso kuti alipo aulesi obisala kumbuyo kwa mwambiwu, amene amafika kuntchito dzuwa litakwera n'kumati ntchito ndi ya tonse. Alipodi, ndipo ahedi aliyense amawadziwa. Koma oterowo sakomoka pabolodi. Ndipotu ulesi wawo ndi umene umawonjezera katundu pamutu pa wakhama, choncho mwambiwu ukuwadzudzula iwo asanadzudzule wina aliyense.

Chachitatu, si kutopa konse kumene kumachokera kuntchito. Kuchepa magazi, shuga, kuthamanga kwa magazi, TB, malungo obwerezabwereza ndi matenda ovutika maganizo zimafooketsa munthu mofananamo. Amene watha milungu ingapo ali wolefuka ayenera kukayezetsa kukiliniki kapena ku chipatala cha boma cha Chongwe, ndipo maganizo akafika polemera kwambiri, chipatala cha Chainama chili pa msewu womwewo wa Great East polowa mu Lusaka. Komabe dokotala akachiza thupi n'kubweza munthu ku katundu yemweuja, kuchirako sikukhalitsa. N'chimodzimodzi ndi malangizo akuti muzigona mokwanira, muzidya bwino, muzipemphera. Ndi abwino ndithu, koma kuuza munthu wa makope 90 kuti azigona msanga popanda kumulandako ngakhale makope khumi ndi kumunyoza.

Lamulo la dziko silinakhale chete. Employment Code Act ya 2019 imanena za maola 48 pa sabata ndi tchuthi cha masiku awiri pa mwezi uliwonse umene munthu wagwira ntchito. Imapatsanso mayi aliyense wapantchito tsiku limodzi pamwezi, lodziwika kuti Mother's Day, popanda kufunsidwa kalata ya dokotala. Vuto n'lakuti mphunzitsi wachikumbumtima amaopa kulitenga, podzifunsa kuti ana atsala ndi ndani. Funso limenelo si lake yekha. Ndi la ahedi, amene ayenera kukonzeratu wogwirizira kalasi mnzake akapuma. Ndi la ofesi ya zamaphunziro m'boma, ya DEBS, imene iyenera kuonetsetsa kuti aphunzitsi asaunjikane kufupi ndi tauni pamene sukulu za kutali zili ndi ochepa. Ndi la mabungwe a aphunzitsi monga ZNUT, amene ayenera kulankhula za kukula kwa kalasi mwamphamvu ngati mmene amalankhulira za malipiro.

Makolo nawonso ali ndi phewa loti aikepo. Sangaphunzitse masamu, koma angathe kutunga madzi a pasukulu, kuyang'anira dimba, kulondola ana ojomba, ndi kusiya kugogoda pakhomo pa Madamu usiku ndi nkhani zoti zikanadikira mawa. Kutchalitchi angathe kuwapumitsa pa ulembi wa gulu kwa chaka chimodzi popanda kuwanena kuti abwerera m'mbuyo. Kunyumba, bambo ndi ana okulirapo angathe kugwira chidebe ndi mbaula. Ndipo Madamu eni ake ali ndi mbali yawo yovuta kuposa zonse: kuphunzira kunena kuti "pano sindikwanitsa" thupi lisanawanenere. Osenza denga akatopa amafuula kuti anzawo atsitse pang'ono, ndipo palibe amawaseka.

Lolemba lija Madamu anabweradi, monga ananenera mayi uja. Patebulo pawo anapeza makope a sabata yathunthu ataunjikana, palibe ngakhale limodzi lochongedwa. Panja amuna asanu ndi mmodzi anali kupatsirana malata pa kalasi yosasuka ija. Komiti imene inatha kusonkhanitsa amuna amenewo m'masiku ochepa ingathenso kupita ku ofesi ya DEBS kukapempha mphunzitsi wina, ndipo podikira yankho, ingakhale pansi ndi ahedi kugwirizana kuti ndani atengeko theka la giredi 5.