Kodi Kusweka Mtima kwa Wophunzira ndi Kuchepa kwa Chikhulupiriro?

Aliyense amene anayendapo m'zidikha za Kasungu m'nyengo ya masika, kuchokera kwa Santhe kudzera pa Chinkhoma mpaka kwa Wimbe ndi ku Chamama, naona zigafa zitadzala ndi fodya, amayi akusankha masamba ndi kumanga ndindi, abambo akudinda mabelo pa jeke thukuta lili kamukamu, sangafunse kumene zimachokera ndalama zimene mwana wa kuno amapita nazo ku yunivesite. Ndalamazo zinayambira pa nazale imene anthu anaithirira dzuwa la Okutobala lili paliwombo, zinadzera m'ngongole ya feteleza, ndipo pofika m'thumba la mnyamata kapena mtsikana amene wasankhidwa kupita ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu kapena ku Thyolo, zimakhala zitasenza chiyembekezo cha mbumba yonse. Dera limene Kamuzu Banda anamangamo Kamuzu Academy pa Mtunthama m'chaka cha 1981 silisowa womuuza za ulemu wa maphunziro. Chimene sitinachisinkhesinkhe mokwanira ndicho kulemera kwa ulemuwo pa mapewa a mwana mmodzi.

Pakuti iye akafika kumeneko apeza kuti ngongole ya boma ya ophunzira, imene lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2015, sifikira onse oipempha. Kuti chipinda cha lendi kunja kwa mpanda wa koleji chinakwera mtengo pamodzi ndi ufa ndi sopo, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndi kuti iye amene anali woyamba m'kalasi kwawo tsopano akulemba mayeso obwereza a sapu, ali ndi mantha oti amuchotsa pa koleji. Tulo timuthawa, chakudya sichimukomera, adzitsekera m'chipinda usana wonse, ndipo foni ya amayi ake ikalira amangoiyang'ana kufikira itadukiza yokha, popeza sadziwa chimene angawauze. Akabwerera kumudzi atawonda ndi wosalankhula, oweruza sachedwa: ena ati amulodza, ena ati wasuta chamba, ndipo ena, amene ndifuna kutsutsana nawo mwaulemu popeza ndi abale anga m'chipembedzo, ati wataya Mulungu, pakuti wokhulupirira weniweni sangafooke chotere.

Koma Malembo amene iwo amawerenga satero. Mneneri Eliya, atangoona moto ukutsika kumwamba pa phiri la Karimeli, anathawa mawu a Yezebeli, nasiya mnyamata wake ku Beereseba, nalowa yekha m'chipululu, nakhala pansi pa kamtengo kupempha kuti afe. Ndani mwa ife angayerekeze kunena kuti chikhulupiriro chake chiposa cha munthu ameneyu? Ndipo chimene chimandizizwitsa nthawi zonse ndikawerenga mutu 19 wa buku loyamba la Mafumu ndi dongosolo limene Mulungu anamuchiritsira nalo: mngelo sanadze ndi chidzudzulo, koma ndi mkate wootcha ndi madzi, namulola agone, namudzutsanso kuti adye kachiwiri. Pambuyo pake, ku Horebe, anafunsidwa chimene chinamufikitsa kumeneko, naloledwa kukhuthula madandaulo ake onse kawiri konse. Ndipo potsiriza anauzidwa kuti sanatsale yekha monga ankaganizira, napatsidwa Elisa woyenda naye. Ulaliki unadza mochedwa kwambiri m'nkhani imeneyi, thupi litayamba lasamalidwa. Nawonso abwenzi a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala naye pansi osanena kanthu, ndipo anayamba kulakwa pamene anatsegula pakamwa kufunafuna tchimo limene linabala tsoka lake.

Sindikana kuti chamba ndi kachasu zawononga mitu ya ana ambiri, ndiponso sindipeputsa pemphero, limene latonthoza anthu osawerengeka. Chimene ndikana ndi chizolowezi chathu choyesa mwana monga ayesera belo ku okushoni, kumene wogula amasolola ndindi imodzi, nainunkhiza, nalemba mtengo kapena kulibweza. Pakuti mwana amene aphunzira kuti mtengo wake pamaso pa makolo ndi pamaso pa Mulungu ndi magiredi ake, tsiku limene magirediwo agwa amadziyesa wopanda pake, ndipo ena, mwachisoni, afika podzichotsera moyo. Tinawalera ndi mawu akuti mwamuna salira, ndipo iwo anatimvera. Komatu akuluakulu anatinso mutu umodzi susenza denga.

Thandizo liripo, ngakhale ndi lochepa poyerekeza ndi kusowa kwake. Chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe zimalandira odwala otere, ndipo kupitako si chizindikiro cha misala monga ambiri amaopera. Ku Harare dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi pafupi ndi kiliniki ndi kumvetsera anthu olemedwa ndi maganizo, ndipo ntchito imeneyi, yotchedwa Friendship Bench, inaonetsa kuti khutu loleza mtima la munthu wamba likhoza kuchita zambiri. Ngati agogo a ku Harare anatha, akulu a mpingo ndi amayi a Chigwirizano a kuno sangalephere.

Tsono inu makolo, atsibweni ndi abusa a m'dziko la Mwase kuno ku Kasungu, mwana wanu akaimba foni kuchokera ku koleji, kapena akaleka kuimba, musayambe ndi kumufunsa ngati wakhoza mayeso. Mufunseni ngati wadya, ngati akugona, ngati ali ndi mnzake woyankhula naye. Muuzeni momveka kuti pakhomo ndi pake ngakhale atabwera wopanda digiri. Ndipo mukamva mawu ofuna kufa m'kamwa mwake, musawayese nthabwala kapena mwano, koma mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.