Mnzathu Akapita M'malo Mwathu

Palibe wa ife amene amafika paliponse pamene akufunika. Tsiku la banki m'khonde limakumana ndi la maliro, mwana amatentha thupi m'mawa wa msonkhano wa makolo kusukulu, ndipo m'dzinja misewu ya kuno ku Chikweo ndi kugombe la nyanja ya Chiuta imasanduka matope. Zikatero timatuma mnzathu. Funso lathu sabata ino ndi ili: kodi kutuma mnzathu n'kudalirana, kapena n'kumusenzetsa katundu amene tinayenera kusenza tokha?

Tiyeni tione zimene anzathu ena anachita. M'chaka cha 2008, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières pamodzi ndi azaumoyo a boma anayambitsa timagulu ta anthu omwa ma ARV. Vuto linali mtunda, ndalama yoyendera, ndi tsiku lathunthu lothera pamzere ntchito yakumunda itaima. Choncho anthu oyandikana, osaposa 6, ankapangana kuti mwezi uliwonse mmodzi yekha azipita kuchipatala kukatengera onse mankhwala. Asananyamuke, gulu linkakumana, kuwerengerana mapiritsi otsala ndi kufunsana za m'thupi. Mu 2012 njira imeneyi inayambanso kuno kwathu, m'boma la Thyolo.

Apa anthu ankaika moyo wawo weniweniwo m'manja mwa mnzawo. Nanga chinalimbitsa mgwirizano woterewu n'chiyani?

Choyamba, aliyense anali ndi mwezi wake woyenda. Amene watengeredwa mankhwala lero ankadziwa kuti ulendo wake ukubwera. Akulu anati kupatsa n'kuika. Munthu amene amatuma anzake nthawi zonse, koma iye akatumidwa amapeza chifukwa, wayamba kudyera anzake masuku pamutu.

Chachiwiri, pankafunika kunena zoona. Wolowa gululo ankaulula kwa anzake chinsinsi chimene ambiri amabisa, ndipo ankanena ngati akudwala kapena wadumphitsa kumwa, kuti wopitayo akafotokoze bwino kwa adokotala. Ifenso tikamatuma mnzathu ku banki m'khonde, timupatse ndalama yokwanira, timuuze za ngongole yathu, ndipo timudziwitse nthawi ikadalipo. Kumutuma chimbulimbuli n'kumuchititsa manyazi pagulu.

Chachitatu, pali zina zosatumirana. Mnzathu angatitengere mankhwala, koma sangapereke magazi ake kuti ayezedwe m'malo mwa athu. N'chifukwa chake aliyense ankaonekerabe yekha kuchipatala mwezi wake ukafika. M'moyo wathu zilinso choncho. Chopereka cha pamaliro tingatumize, koma kupepesa munthu amene tamulakwira, kapena kumva zimene mwana wathu akufuna kutiuza, kumafuna nkhope yathu.

Wotumidwa nayenso ali ndi udindo. Akavomera, wasenza dzina la mnzake. Akachedwa pamsika kapena kuiwala uthenga, amene amavutika ndi uja watsala kunyumba. Ndi bwino kukana poyera kusiyana n'kuvomera ndi pakamwa pokha.

Tisaiwalenso mbali ina. Ena a ife sitipempha thandizo chifukwa cha manyazi kapena kunyada. Timangojomba mwakachetechete, ntchito ya gulu n'kuima. Kumeneko n'kumana anzathu mwayi wotumikira. Gulu limene zonse zili pa munthu mmodzi limadwala tsiku limene iyeyo wadwala. Tiphunzitsane ntchito zathu tikadali bwino, kuti mlembi akasowa, kaundula apeze womulemba.

Mafunso okambirana:

1. Ndani anatiimirira posachedwapa, ndipo ifeyo tinamuimirira liti?
2. Ndi ntchito iti m'gulu lathu imene amaidziwa munthu mmodzi yekha? Tiphunzitse ndani mwezi uno?
3. Ndi zinthu ziti zimene takhala tikutuma ena, pamene zimafuna ife eni ake?