A Sungani Chenje

Padangokhala.

Tili tonse.

Padali bambo wina, mlimi wa fodya, amene ankakhala m'mudzi wa kufupi ndi mtsinje wa Bua, kumene boma la Kasungu limalekezerana ndi la Dowa. Dzina lake lenileni ankalidziwa a kumudzi kwawo okha. M'masiteji monse, kuyambira pa Bua, kudutsa pa Chinkhoma mpaka ku depoti ya pa boma, anyamata oitanira ankamutchula kuti a Sungani Chenje.

Bamboyu sadali waulesi, izi tinene poyera. Ankafesa nazale dzuwa likuswa mtengo, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo. Mvula yoyamba ikagwa ankawokera fodya wake wa bale, kenaka kupalira, kuthira feteleza, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha tsamba ndi tsamba, mpaka kudinda mabelo pa jeke. Zikhatho zake zinkada ndi utomoni wa fodya kwa miyezi yathunthu. Koma mabelo akangogulidwa ku okushoni ya pa Chinkhoma, madola aja n'kusanduka makwacha ku banki, munthuyu ankasintha ngati bilimankhwe. Akafika pa siteji safunsa mtengo. Ankangoloza mpando wa kutsogolo, pambali pa dalaivala, kutulutsa K5,000 yatsopano, n'kunena mokweza kuti a kumbuyo amve: "Sungani chenje, mphwanga."

Tsono mtengo wa minibasi sulembedwa pakhoma. Agogo athu amakumbuka nthawi ya mabasi a UTM, pamene kondakitala ankang'amba tikiti, ndipo mphunzitsi ndi tenanti wa pa esiteti ankalipira chimodzimodzi ulendo ukakhala umodzi. Mu minibasi mtengo umabadwira pakhomo, pakamwa pa woitanira, ndipo umakula kapena kuchepa malinga ndi nsapato za wokwera, mitambo ya kumwamba ndi mzere wa magalimoto pa filing'i siteshoni. Kondakitala akaona anthu awiri atatu akulipira osafunsa, amadziwa kuti lero dziko lakhuta. Mawa lake mtengo wa okhuta uja umakhala mtengo wa aliyense.

Tsiku lina m'mwezi wa June, mwera ukuwomba fumbi m'misewu ya pa boma, gogo wina wamkazi adafika pa depoti. Adali atagona milungu iwiri pachipatala kudikirira matenda a mdzukulu wake, ndipo tsopano mayi a mwanayo adali atabwera kudzamulandira. Pamutu adasenza mtolo wa mkeka, kampoto ndi bulangete. Pa ngodya ya chitenje adamanga K2,000, ndalama yokhayo imene idatsala.

"Lilongwe! Mponela, Madisi, Bua! Watsala mmodzi!" adafuula woitanira, akumenya denga la minibasi ndi chikhatho.

"Mwanangu, pa Bua ndi zingati?"

"Two sauzande, agogo. Lowani, tikunyamuka pompano."

Gogo uja adalowa. M'katimo mudali anthu asanu ndi awiri, koma atatu mwa iwo adali anyamata ongokhalira mipando kuti galimoto ioneke ngati yatsala pang'ono kudzaza. Wokwera weniweni akalowa, mmodzi wa iwo ankatuluka mwakachetechete ngati akukagula madzi. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, kubwereranso m'mbuyo. Dzuwa lidachoka paliwombo n'kuyamba kupendekera ku phiri la Kasungu asananyamuke. Pamzere woyenera anthu atatu padakhala anayi, miyendo itapanikizidwa ndi matumba a shuga ndi zigubu za mafuta ophikira.

Womaliza kufika adali a Sungani Chenje, atanyamula wailesi yatsopano m'katoni. Mnyamata amene adakhala kutsogolo adatsitsidwa kuti akapanikizane kumbuyo. K5,000 idatuluka. "Sungani chenje, mphwanga."

Atangotuluka m'tauni, kondakitala adayamba kutolera, ndalama zitapindidwa pakati pa zala. "Chinkhoma two sauzande, Bua three sauzande. Tiyeni nazo, makolo."

Gogo uja adamasula mfundo ya chitenje ndi mano, n'kupereka K2,000 yake ndi manja awiri.

"Yaperewera, agogo."

"Mnzanu uja pa depoti wandiuza two sauzande."

"Uja ndi woitanira, galimoto si yake. Mafuta adakwera. Onani bwanawa, apereka five sauzande osayankhula kanthu."

Mu minibasi mudati zii. Aliyense adali atamva mtengo wa pa depoti ndi makutu ake, ndipo aliyense adawonjezera K1,000 uku akung'ung'udza cha mumtima. Mphunzitsi wina adayang'ana pa zenera ngati akuwerenga mapesi a fodya otsala m'minda. Mayi wa geni ya kaunjika adatsegula foni. Gogo adayang'ana nkhope imodzi ndi imodzi, osapeza maso oti akumane nawo. Pamenepo a Sungani Chenje adatembenuka pampando wawo wa kutsogolo.

"Tisachedwe ndi nkhani ya wani sauzande, anthuni. Amene alibe ndalama azikhala pakhomo."

Ena adaseka, kuseka kwa manyazi kuja. Pa Chinkhoma, pamene malole a mabelo adandanda kudikira kulowa ku okushoni, kondakitala adatsegula chitseko, kutsitsa mtolo, n'kunena kuti ndalama ya agogo yathera pomwepo. Gogo adatsika osatukwana munthu. Adadzitwika mtolo wake n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa msewu wa M1, kulowera kummwera, malole akumuwaza fumbi. Adafika kwawo nkhuku zitalowa kale.

Miyezi idapita. Ndalama ya fodya imabwera ngati mvula ya mabingu, yambiri nthawi imodzi, ndipo nthaka yake siisunga madzi. Ina idapita ku ngongole ya feteleza, ina kwa aganyu, ina ku malata, ndipo ina, tisabise, idatsalira m'malo achisangalalo a pa boma. M'mwezi wa November chaka chimenecho, 2023, ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mafuta adakwera, feteleza adakwera, ndipo mitengo ya minibasi idakwera usiku umodzi. Pofika February nkhokwe ya a Sungani Chenje idali pululu. Fodya adali wobiriwira m'munda, wokongola ndithu, koma fodya saphikidwa ndiwo. Wailesi ija idagulitsidwa pa mtengo wa ndowa ziwiri za chimanga.

Ndiye usiku wina mwana wawo wamkazi wa zaka 6 adatentha thupi ngati mbaula. Kuchipatala chaching'ono cha kufupi adati malungo akula, magazi achepa, athamangire naye ku chipatala chachikulu cha pa boma. Mayi a mwanayo adali ndi khanda la masiku ochepa, kotero bambo adabereka mwana yekha ndi chitenje cha mkazi wake. Adakongola K5,000 kwa mlamu wake. Wa kabaza adatengapo K1,500 kuwafikitsa pa msewu, chifukwa njira idali matope okhaokha.

Pa siteji ya Bua mvula inkawaza. Minibasi yochokera ku Lilongwe idaima, itayenda kale mtunda wautali wa ulendo wa makilomita pafupifupi 130 wopita ku Kasungu. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, bambo uja adafunsa: "Pa boma ndi zingati?"

"Three sauzande faifi handiredi, madala. Mwana mumunyamula pamiyendo."

Adawerenga m'mutu: ndendende. Adalowa kumbuyo, pa kampando kopinda ka pafupi ndi chitseko, madzi a padenga akumudonthera paphewa.

Atayenda pang'ono, kondakitala adatambasula dzanja, n'kuyang'anitsitsa nkhope ya bamboyo. Kondakitalayo adali yemwe uja wa mu June.

"Aa! Bwana Sungani Chenje! Lero mwakhala kuno? Inu ndi five sauzande, mtengo wanu timaudziwa."

"Mphwanga, pakhomo paja mwati three sauzande faifi handiredi. Ndili ndi yomweyi basi. Mwanayu akudwala."

"Mwana wamkulu ngati ameneyu amalipira. Ndipo kunja kuli mvula, galimoto zavuta. Aliyense awonjezere faifi handiredi, inu muwonjezere wani sauzande faifi handiredi. Apo ayi mutsika."

Adamenya denga kawiri, dalaivala n'kuima. Pamalopo padalibe nyumba kapena sitolo, koma minda ya fodya yokhayokha mbali zonse, mizere yake itadzaza madzi. Chitseko chidatseguka. Bambo uja adayang'ana anzake apaulendo, ndipo adaona zimene gogo uja adaona: wina akuyang'ana pa zenera, wina pa foni, wina akufufuza K500 m'thumba kuti nkhani ithe. Adafuna kuyankhula koma mawu ake omwe a mu June adamutsamwitsa pakhosi. Adakonza mwana kumsana, phazi limodzi n'kuliponda m'matope.

"Taimani kaye."

Mawuwo adachokera pa mzere wa kumbuyo kwenikweni. Adali gogo wamkazi, atafungatira dengu la bowa amene ankapita kukagulitsa ku msika wa pa boma.

"Mwanangu kondakitala, mtengo umene watiuza pakhomo tonse taumva. Bambowa akatsika, inenso nditsika. Undibwezere ndalama yanga."

"Agogo, nkhaniyi si yanu."

"Idali yanga tsiku lina, ndipo ndidayenda wapansi kuchokera pa Chinkhoma. Ndipatseni njira."

Kutuluka kumbuyo kwa minibasi yodzaza si ntchito yamasewera. Anthu anayi adayenera kutsika kuti gogo adutse, dengu lake likuyenda pamitu ya anthu. Adaima pamvula pambali pa bambo uja, wamfupi, wopanda nsapato, madzi akutsika m'makwinya a nkhope yake. Adavula mpango wake n'kufunditsa mutu wa mwana wodwalayo. Kenaka adayang'ana m'galimoto muja.

"Kodi ndili ndekha?"

Padapita kanthawi, mvula yokha ikulira padenga. Mtsikana wina wa sukulu ya sekondale, amene adatsika kuti apereke njira, sadabwererenso m'kati. "Tili tonse, agogo," adatero ndi mawu onjenjemera. Mnyamata wonyamula matcheni a njinga adalumpha pansi: "Tili tonse." Mayi wa nkhuku ziwiri adatsika, abusa ena adatsika atakumbatira chikwama chawo, mpaka bambo wa jekete amene adakhala kutsogolo adatsegula chitseko chake. Anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi adaima m'matope, manja atatambasula, aliyense akufuna ndalama yake.

Kondakitala adayang'ana dalaivala. Ndalama zambiri adali atathira kale mafuta pa Mponela, zobweza zidalibe. Ukali wake udasungunuka, ndipo adaoneka monga adaliri: mnyamata wowonda, wa malaya onyowa, amene adadzuka nkhuku zisanalire.

"Makolo, mundimvetse," adatero. "Mwini galimoto amafuna ndalama yake yathunthu madzulo alionse, kaya kwagwa mvula kaya tayala laphulika. Woitanira aliyense amafuna yake pa siteji. Mafuta akasowa timagula a m'zigubu pa mtengo wowawa. Ine ndi adalaivala timadya zotsala, ndipo masiku ena sipatsala kanthu."

"Zimenezo ndi zoona, mwanangu, ndipo njala yako sitikuikana," adayankha gogo. "Ngati mafuta akwera, utiuze tili pansi, phazi lisanakwere. Wokhala nayo akwera, wopanda adikira ina kapena abwerera kwawo kukadali kowala. Koma usatitengere pakati pa minda kuti utiuze mtengo wina poti pano tilibe kothawira."

Dalaivala, bambo wachikulire amene adakhala chete nthawi yonseyi, adasuzumira pa zenera n'kuyang'ana mwana uja, amene milomo yake idayera ngati ufa. "Iwe, landira zimene unanena pakhomo. Lowani, makolo. Bambo a mwana, bwerani kutsogolo kuno, kumbuyoko kukudontha."

Bambo wa jekete adawasiyira malo. A Sungani Chenje adakhala pa mpando wawo wakale uja, mwana ali pamiyendo, mutu uli pansi. Dalaivala sadaimenso pa Chinkhoma ngakhale padali anthu okweza dzanja, ndipo atafika m'tauni adapitirira depoti n'kukawatsitsa pa geti la chipatala.

Gogo naye adatsikira pomwepo kuti atenge mpango wake. Bambo uja adagwada pa simenti yonyowa, mwana ali m'manja.

"Amayi, ine ndine uja ndidanena kuti wopanda ndalama..."

"Ndakudziwani pomwe mumakwera pa Bua, bambo. Dzukani. Mpangowo ukhale kaye ndi mwana, kukuzizira. Thamangani."

Adadzitwika dengu lake la bowa n'kulowera ku msika.

Mwana adachira patapita masiku asanu. Fodya adathyoledwa, adauma, adadindidwa, ndipo msika utatsegulidwa mabelo adapitanso ku Chinkhoma. Tsiku lina m'nyengo yozizira, bambo uja adafika pa depoti ya pa boma, thumba la malaya litatupa. Oitanira adamuthamangira: "Bwana Sungani Chenje! Mpando wanu uwu!"

Iye adaima pakhomo la minibasi n'kufunsa mokweza, kuti onse a m'katimo amve: "Pa Bua ndi zingati?"

Adamuuza. Bamboyo adabwereza mtengowo kawiri, akuyang'ana apaulendo anzake, mpaka mayi wina wa kumbuyo adagwedeza mutu kuti wamva. Adalowa, kukhala pa mzere wachitatu pakati pa thumba la ufa ndi mnyamata wa sukulu, kupereka ndalama yake, n'kusiya dzanja lili chitambasulire mpaka chenje chonse chidabwera. M'chikwama chake, pansi pa mapepala a ku okushoni, mudali mpango wochapa bwino ndi chitenje chatsopano, ndipo pa siteji iliyonse ankasuzumira pa zenera kufunafuna gogo wamfupi wa dengu.