Khutba ya Lachisanu: Thambo la Nyengo Yachisanu ndi Ulemu wa M'bale Wathu

KHUTBA YOYAMBA

Kutamandidwa konse nkwa Allah, Mwini usiku ndi usana, amene akudziwa chiwerengero cha nyenyezi pamene ife timalephera kuwerenga tsitsi la pamutu pathu. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja lake ndi pa maswahaba ake onse.

Inu akapolo a Allah, tikudzilangiza tokha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mseri.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, tili pakati pa nyengo yachisanu. Kuno ku Angónia, kuyambira ku Ulónguè mpaka kutsinde kwa phiri la Dómuè, madzi a wudhu wa Fajr amaluma zala, ndipo ambiri timathamangira m'nyumba dzuwa likangolowa. Koma miyezi ya Juni ndi Julaye ndiyo imene thambo lathu limayera koposa. Mvula yatha, utsi wa moto wolusa sunachuluke, ndipo mudzi wathu uli pamtunda, kutali ndi magetsi a mizinda ikuluikulu.

Mwa ife muli m'bale, mphunzitsi wa ana athu, amene wapeza chipangizo choonera zakutali, chimene pa Chipwitikizi amati telescópio. Usiku amachiimika kuseri kwa nyumba yake n'kumayang'ana kumwamba. Mawu afika m'makutu mwathu. Ena akuti akuombeza maula, ena akuti akutamba, ndipo makolo ena aletsa ana awo kupondako. M'baleyo tsopano akuchita manyazi kuima pamzere wa swala. Akulu adati safunsa adadya phula. Ife tidapita kukafunsa, ndipo tidaika diso lathu pagalasipo.

Tidaona mwezi uli ndi mapiri ndi maenje, mithunzi yake ikuoneka bwino lomwe ngati zigwa za ku Tsangano m'mawa. Tidaona nyenyezi yowala yotchedwa Alpha Centauri, imene ndi maso imaoneka imodzi, koma m'galasi zili ziwiri. Tidaona Mlalang'amba, umene timauyesa mtambo woyera, uli khamu la nyenyezi zothinana. Kumeneko sitidapeze nsupa kapena maula. Tidapeza magalasi, chitsulo cha miyendo itatu, ndi munthu wofunda bulangeti akunjenjemera ndi chisanu.

Tiyeni tsono tisiyanitse zinthu ziwiri zimene Chisilamu chidazisiyanitsa kalekale. Choyamba ndi kuphunzira kayendedwe ka dzuwa, mwezi ndi nyenyezi, kumene pa Chiarabu kumatchedwa ilm al-falak. Chachiwiri ndi kulosera zam'tsogolo za munthu poyang'ana nyenyezi, kumene kumatchedwa tanjim. Choyambacho n'chololedwa, ndipo Msilamu sangachisowe: swala zathu zisanu timazidziwa ndi malo a dzuwa, Ramadan ndi Hajj timazidziwa ndi mwezi. Chachiwiricho n'choletsedwa, chifukwa zobisika akuzidziwa Allah yekha. Ndipo kunena zoona, tanjim ili pafupi nafe kuposa galasi la m'bale wathuyo. Ili m'mafoni athu, m'mauthenga aja onena kuti wobadwa mwezi wakuti apeza ndalama sabata ino. Amenewo ndiwo oyenera kuwaopa.

Qur'an yolemekezeka ili ndi masura amene maina ake ndi a zakumwamba: An-Najm, Al-Qamar, Al-Buruj, At-Tariq, Ash-Shams. Mu Surat Al-An'am muli nkhani ya Mneneri Ibrahim, mtendere ukhale pa iye, amene adayang'ana nyenyezi, kenaka mwezi, kenaka dzuwa. Chilichonse chitalowa, iye adaonetsa anthu ake kuti chinthu chotuluka ndi kulowa sichingakhale Mbuye. Onani, abale, kuti kuyang'ana kumwamba kudali njira yake yophunzitsira tawhid.

Pamene Ibrahim, mwana wa Mtumiki wathu, adamwalira ku Madina, kudachitika kadamsana, ndipo anthu adayesa kuti dzuwa lada chifukwa cha malirowo. Mtumiki, ali m'chisoni cha mwana wake, adakana maganizo amenewo. Adaphunzitsa kuti dzuwa ndi mwezi sizilabadira imfa kapena kubadwa kwa munthu, ndipo adatsogolera anthu ku swala. Akuluakulu muli pano mukukumbukira tsiku la 21 Juni 2001, pamene masana kudada ku Lusaka ndipo kuno dzuwa lidatsala kachigawo chabe. Akatswiri adali atalengeza kale tsiku ndi ola lake. Adatha kutero ndi masamu, popeza Allah adaika zolengedwa Zake panjira yosasintha.

Makolo athu nawonso ankawerenga thambo. Ankadziwa Nthanda, ankadziwa Nsangwe, imene Aarabu amati Ath-Thurayya, ndipo masiku ano wopita ku Fajr angaione kum'mawa kusanache. Kudziwa nyengo poona nyenyezi kulibe vuto. Vuto limayamba munthu akamakhulupirira kuti nyenyeziyo ndiyo imagwetsa mvula, ndipo za zimenezo Mtumiki adachenjeza maswahaba ake ku Hudaybiya.

Maphunziro amenewa ndi cholowa chathu. M'chaka cha 964 Abd al-Rahman al-Sufi adalemba buku lofotokoza magulu a nyenyezi. Ibn al-Haytham, amene adamwalira ku Cairo cha m'ma 1040, adafotokoza kuti timaona chifukwa kuwala kumalowa m'diso. Ibn al-Shatir, katswiri wamkulu wa kayendedwe ka zakumwamba, amene adamwalira m'chaka cha 1375, adali wosunga nthawi za swala pamzikiti waukulu wa ku Damascus. Ulugh Beg adamanga nyumba yoonera nyenyezi ku Samarkand, ndipo iye ndi anzake adalemba malo a nyenyezi zoposa 1,000. Chipangizo chenichenichi chidatulukira ku Holland m'chaka cha 1608, ndipo m'chaka cha 1610 Galileo adaona nacho miyezi inayi yozungulira Jupiter. Koma mpaka lero akatswiri a dziko lonse akamatchula Aldebaran, Altair kapena Rigel, akutchula maina ochokera ku Chiarabu. Kodi ife tikhale oyamba kutcha cholowa chimenechi ufiti?

Lingalirani kukula kwa ufumu wa Allah. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. Kuchokera kudzuwa kumafika kuno patapita mphindi zisanu ndi zitatu. Kuchokera ku Alpha Centauri kumatenga zaka zoposa zinayi. Nyenyezi yofiira imene ili pamutu pathu ikatha Isha, Antares, imene Aarabu amati Qalb al-Aqrab, kuwala kwake kumene tikuona usiku uno kudanyamuka zaka zoposa 500 zapitazo. Munthu amene walingalira zimenezi, kodi angadzitukumule chifukwa cha matumba a mbatatesi ali m'nyumba mwake? Kodi angalande malire a munda wa mkazi wamasiye?

Tikunena mawu awa, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu. Mpempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka.

KHUTBA YACHIWIRI

Kutamandidwa nkwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Abale olemekezeka, Surat Al-Hujurat ikutiletsa kuganizirana zoipa, kufufuzana ndi kujedana, ndipo ikufanizira miseche ndi kudya mnofu wa m'bale wakufa. Kunamizira munthu ufiti si nkhani yocheza nayo pamoto. Tonse tikudziwa kuti m'madera athu mawu otere adathamangitsa agogo m'midzi yawo ndipo adaphwanya mabanja. Amene adayankhula za m'bale wathuyu alape kwa Allah, akonze mawu ake pamaso pa anthu omwe adawauza, ndipo akam'pemphe chikhululuko Lachisanu likudzali lisanafike. Ifenso tikuvomereza kuti tidamva mphekeserazo n'kuchedwa kuzitsutsa.

Tikupemphaninso kuti mutuluke ndi ana anu ikatha Isha. Avekeni zofunda, zimitsani tochi ndi foni, ndipo dikirani mphindi makumi awiri kuti maso azolowere mdima. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kum'mwera mudzaona nyenyezi zinayi zimene pasukulu timazitcha Cruzeiro do Sul. Tsatirani mzere wake wautali kulowera kumene kuli nyenyezi yake yowala koposa, muutalikitse kanayi ndi theka, kenaka tsitsani maso molunjika pansi: kumeneko ndiko kum'mwera. Mukakufulatira mwayang'ana kumpoto, ndipo mukapendekera pang'ono kudzanja lamanja mwayang'ana ku qibla. Wapaulendo amene usiku wam'peza kutchire angaswali ndi chizindikiro chimenechi.

Palinso njira ya masana. Chaka chilichonse, pa 15 kapena 16 Julaye, dzuwa limaima pamwamba penipeni pa Ka'aba, ndipo kuno nthawi imakhala 11:27 m'mawa. Imikani ndodo yowongoka pabwalo. Mzere wochokera kunsonga ya mthunzi kupita kutsinde la ndodoyo ukuloza ku Makka. Yesani motero malo amene mumaswalira kunyumba. Koma chenjerani: munthu asayang'ane dzuwa ndi maso, makamaka kudzera m'galasi loonera zakutali, chifukwa diso limapsa nthawi yomweyo ndipo silichira.

Pa za mwezi watsopano, galasi lingathandize wofufuza kumadzulo dzuwa litalowa. Amene wauona akapereke umboni wake kwa maulama, pakuti kulengeza kuyamba kwa mwezi si ntchito ya munthu mmodzi pafoni yake.

Pomaliza, ife tikatha kuyang'ana nyenyezi timalowa m'nyumba n'kufunda. Pali ana amasiye ndi okalamba amene nyenyezizo amaziona kudzera m'denga lobooka. Amene ali ndi mabulangeti awiri abweretse limodzi kumzikiti sabata ino.

E Allah, tionjezereni kudziwa kopindulitsa. Yeretsani malilime athu ku miseche ndi mitima yathu ku kuganizirana zoipa. Fundikani osowa m'chisanu chino, chizani odwala athu, khululukirani akufa athu, ndipo perekani mtendere ku Angónia, ku Mozambique ndi kwa anansi athu. E Allah, perekani madalitso ndi mtendere kwa Mtumiki Muhammad ndi akubanja lake. Amin.

Imirirani ku swala, Allah akuchitireni chifundo.