Nkhope Imene Sindinaipeze ku Salamanca

Ndinafika pa Plaza Mayor, bwalo lalikulu la mzinda wa Salamanca m'dziko la Spain, dzuwa litapendeka. Ndinali pa ulendo wa ophunzira wa masabata owerengeka. Bwaloli anayamba kulimanga mu 1729 nalitsiriza mu 1755, ndipo nyumba zake ndi za mwala wachikasu wa ku Villamayor, umene umaoneka ngati makala a moto dzuwa likamalowa. Khonde lazungulira mbali zonse zinayi, ndipo pamwamba pa nsanamira za khondelo anasemapo nkhope za anthu omveka: mafumu, akulu a nkhondo ndi alembi a mabuku.

Ndiulule pano kuti ine sindinapite kukaona mafumu. Ndinkafuna nkhope ya Francisco Franco, amene analamula Spain ndi nkhanza kufikira imfa yake mu 1975. Pa nkhondo yapachiweniweni ya 1936 mpaka 1939 iye anakhalako ku Salamanca miyezi ingapo akutsogolera asilikali ake, ndipo mu 1937 nkhope yake inasemedwa pa mzere wa mafumu. Ndinauyenda mzerewo kawiri khosi lili m'mwamba, koma osaipeza. Mnzanga wina wophunzira komweko ndiye anandiuza kuti anaichotsa mu 2017, potsata lamulo la 2007 loletsa zizindikiro zotamanda ulamuliro wa Franco.

Ndinakhumudwa, ndipo kukhumudwa kumeneko ndiko kwandigwiritsa cholembera. Kodi munthu wabwinobwino angadandaule bwanji kuti nkhope ya wakupha anthu yachotsedwa?

Poyamba ndinadzikhululukira motere. Akuluakulu amati mlandu suwola. Ngati suwola, umboni wake usabisidwe. Nkhope ija inali umboni wakuti tsiku lina mzindawu unagwadira munthu ameneyu numuyesa mfumu. Mwana wobadwa lero adzayenda pansi pa khondelo osadziwa kuti makolo ake anachitapo zotere. Amene anachotsa nkhopeyo, ndinatero mumtima, asesa pabwalo n'kukankhira zinyalala kuseri kwa chitseko.

Ganizo limeneli linandikoma kufikira pamene mnzanga uja anandiuza za tsiku la 19 Julayi 1936. Tsiku limenelo asilikali oukira boma analowa pa bwalo lomweli kudzalengeza kuti mphamvu zonse zili m'manja mwao. Panali khamu la anthu. Asilikaliwo anaombera m'khamumo, ndipo anthu angapo anafa. Ndinayang'ana pansi pamene ndinaima, kenaka ndinayang'ananso m'mwamba. Chaka chimodzi chokha magazi atakhetsedwa pansipa, mtsogoleri wa oomberawo anakwezedwa pakhoma, nakhalapo zaka 80. Abale a ophedwa aja akafuna kudutsa pakati pa mzinda wao ankadutsa pansi pa nkhope yake.

Apa ndinazindikira kulakwa kwanga. Ine ndinkaliyesa khomalo buku la mbiri, chonsecho khomalo ndi mpando waulemu. M'buku timalembamo aliyense, wabwino ndi woipa yemwe, pakuti ntchito ya buku ndi kunena zimene zinachitika. Koma pampando timakhazikapo munthu amene tifuna kuti ana athu amvulire chipewa. Kumtsitsa munthu pampando si kumfufuta m'buku. Ine ndinkafuna kuti nkhopeyo ikhalepo kuti ndiione mphindi zisanu, ndiijambule, ndizipita kwathu. Mtengo wa mphindi zisanu zangazo akanalipira ndi anthu ena, tsiku ndi tsiku. Mlendo savutika kukonda mbiri, chifukwa maliro ake si a kwao.

Komabe nkhaniyi sithera pamenepo, pakuti pa bwalo lomwelo pali nkhope ina imene palibe waichotsa, ya Miguel de Unamuno, mlembi ndi mkulu wa yunivesite ya Salamanca. Pa 14 Epulo 1931 iye anaima pakhonde lam'mwamba la nyumba ya khonsolo, pabwalo pomwepa, kulengeza boma latsopano lopanda mfumu. Koma mu Julayi 1936 yemweyo anavomereza asilikali oukira boma lija. Ataona anzake akumangidwa ndi kuphedwa, pa 12 Okutobala 1936 anaimirira m'holo ya yunivesite nadzudzula oukirawo pamaso pa mkulu wa nkhondo Millán-Astray. Anamchotsa pa udindo wake, nakhala ngati wam'ndende m'nyumba mwake mpaka imfa yake pa 31 Disembala chaka chomwecho.

Nanga iyeyu timuika kuti? Tikati pakhoma pakhale okhawo opanda banga, khomalo likhala lopanda kanthu. Tikati aliyense ali ndi banga, choncho onse akhalepo, ndiye kuti Franco abwerere. Ine ndiganiza kuti kusiyana kwao sikuli pa kukula kwa banga kokha. Unamuno analakwa, naona kulakwa kwake, natembenuka pa nthawi imene kutembenuka kunali ndi mtengo, ndipo mtengowo anaulipira yekha. Franco analipiritsa ena mpaka tsiku lake lomaliza. Mwana akhoza kuphunzira kwa woyambayo m'mene munthu amabwerera akasokera. Kwa wachiwiriyo angaphunzire kokha kuti wamphamvu safunsidwa.

M'chinenero chathu mau akuti bwalo ali ndi matanthauzo awiri: pochezera, ndiponso poweruzira milandu. Madzulo aja ndinaona zonse ziwiri. Nyale zitayaka, ophunzira anakhala pansi m'magulumagulu akuseka, nkhalamba zikuzungulira pang'onopang'ono zitagwirana mikono, pamene m'mwamba mlandu wa 1936 unali ukuzengedwabe mwakachetechete.

Chimene chatsala nane ndi funso limene sindikanadzifunsa ndikanaipeza nkhope ija. Ndinathera ola lathunthu kufunafuna munthu mmodzi amene dziko lonse limdziwa, koma za anthu amene anagwa pamene ndinaimapo sindinafunse ndi pang'ono pomwe, ndinachita kuuzidwa. Iwo nkhope zao sizili pa nsanamira zija. Anzanga, tikamakangana za amene ayenera kutsika pakhoma, tizikumbukiranso kufunsa maina a amene sanakwerepo. Ine ndinachoka ku Salamanca ndisanafunse dzina ngakhale limodzi, ndipo manyazi ake ndikali nawo.